Kodi Makina Angathe Kuphunzitsa Mwana?

M'midzi yambiri masiku ano mwana wa Sitandade 2 akaŵeruka amafika pakhomo ndi nkhani yakuti lero waphunzira masamu pa tabuleti. Dzina limeneli lisasokoneze munthu amene ali pamzere wolandira mankhwala, pakuti tabuleti ya kusukulu si piritsi ayi. Ndi kachipangizo kaphanthiphanthi, kakakulu ngati buku, kokhala ndi galasi pamaso pake. Kamalankhula, kamaonetsa zithunzi, ndipo mwana akakhudza galasilo ndi chala kamamuyankha pomwepo. Makolo ena akamva zimenezi amakondwera, poyesa kuti tsopano mwana wawo adzakhala wanzeru popanda thukuta. Ena amang'ung'udza kuti ana akungoseŵera ndi kuti aphunzitsi apeza pothaŵira ntchito.

Mphunzitsi amene wakalambira m'kalasi safulumira kukondwera, ndiponso safulumira kung'ung'udza. Iyeyo anayamba kulemba a, e, i, o, u ndi chala padothi, pambuyo pake pa sileti. Anaphunzira kuphatikiza ndi kuchotsera ndi timitengo ndi zitsekerero za mabotolo. Atakula anagwira choko, naona wailesi ikuloŵa m'kalasi, ndipo tsopano akuona matabuleti. Chida chilichonse chinafika ndi malonjezo aakulu. Koma zimene iye waona zaka zonsezi nzakuti m'chipinda chimodzi, ndi chida chimodzimodzi, mwana wina amatola phunziro pamene mnzake amabwerera chimanjamanja. Nchifukwa chake pa chida chilichonse amafunsa funso limodzi lokha: kodi chimenechi chimamsiya mwana ali ndi mtima wofuna kuyesanso maŵa?

Masekondi 18

Nkofunika kudziŵa poyamba chimene chinachititsa kuti Boma lifune thandizo la makina. M'chaka cha 1994 fizi ya ku pulaimale inathetsedwa, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiŵerengero cha ana a sukulu chinakwera kuchokera pafupifupi pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi pa 3 miliyoni. Ana a anthu osauka, amene kale ankangoiyang'ana sukulu ali pamsewu, analoŵa m'kalasi, ndipo chimenechi chinali chinthu chokoma ndithu. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pamlingo womwewo. Ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanapite ku koleji. Kufikira lero si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 100 kapena kuposerapo m'Sitandade 1.

Mphunzitsi uja amakonda kuŵerengera motere. Phunziro limodzi la ana aang'ono litenge mphindi 30. Atati agaŵe mphindizo mofanana kwa ana 100, mwana aliyense angalandire masekondi 18, nthaŵi yosakwanira ngakhale kutsegula kope ndi kuona ngati walemba bwino. Motero chimene chimachitika nchakuti mphunzitsi amanena, ana onse amabwereza mofuula, ndipo phokoso lake limamveka ngati onse adziŵa. Chikhalirecho mwana wa kumbuyo akungotsata milomo ya anzake. Akhoza kutha chaka chathunthu popanda munthu womumva akuŵerenga yekha, ndipo palibe womuuza kuti apa wakhoza, apa walakwa. Kumutcha mwana wotere waulesi nkumulakwira. Mtima wake unagwa chifukwa anaona kuti kuyesa ndi kusayesa zimambweretsera zofanana.

Wailesi ilibe makutu

Kuphunzitsa ndi makina sikunayambe dzulo m'Malaŵi muno. Sukulu ya makalata ya Malawi Correspondence College inatsegulidwa m'chaka cha 1965, ndipo ophunzira ake ankalandira maphunziro olembedwa kudzera pa positi, namveranso ena pa wailesi ya MBC. Ambiri amene sanapeze malo ku sekondale anakhoza mayeso a Boma mwa njira imeneyi. Koma ameneŵa anali anyamata ndi asungwana osinkhuka, odziŵa kale chimene akufuna.

Kwa ana aang'ono kunadza pulogalamu ya Tikwere, imene inayamba kuulutsidwa m'chaka cha 2008. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi dzanja ndi oyendera dzuŵa, osalira mabatire. Mphunzitsi wa mu wailesi ankafunsa funso nkukhala chete kanthaŵi kuti ana ayankhe. Ankayambitsa nyimbo, ndipo ankauza mphunzitsi wa m'kalasi kuti tsopano alembe chakuti pa bolodi, kapena aitanire kutsogolo mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi. Kumene mphunzitsi anaimirira nkumachita monga wailesi inanenera, ana ankaidikira nthaŵiyo ndi chimwemwe, ndipo mphunzitsi mwiniyo ankatolapo njira zatsopano zophunzitsira. Kumene anaiika patebulo nkutuluka kukaothera dzuŵa, wailesi inkalankhula yokha. Vuto lake nlakuti ilibe makutu. Imayamikira kuti mwachita bwino ngakhale theka la kalasi layankha zolakwika, ndipo siibwerera m'mbuyo chifukwa cha mwana amene wasochera.

Zimenezi zinaonekera poyera m'chaka cha 2020, pamene sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Marichi chifukwa cha matenda a Covid-19, nkudzayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Maphunziro anaulutsidwa pa wailesi, koma makomo ambiri analibe wailesi, ena analibe mabatire, ndipo nthaŵi ya phunziro inkampeza mwana ali kudimba kapena kuchitsime. Amene anapindula kwenikweni ndi aja anali ndi mkulu wawo kapena kholo lowakumbutsa kuti nthaŵi yakwana, nkukhala nawo pamphasa. Atsikana ambiri sanabwerere konse, ena atatenga pathupi, ena atakwatiwa.

Ku Biwi ndi ku Peru

Tabuleti ili ndi chimene wailesi ilibe, ndipo chimenechi chinayesedwa mosamala. M'chaka cha 2013 mayi Nicola Pitchford, katswiri wa ku yunivesite ya Nottingham ku England, anachita kafukufuku pa sukulu ya pulaimale ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe. Ana oposa 300 a Sitandade 1 mpaka 3 anagaŵidwa mwa maere m'magulu atatu. Gulu loyamba linapatsidwa matabuleti okhala ndi maphunziro a masamu a m'Chicheŵa, okonzedwa ndi bungwe la onebillion, mphindi 30 patsiku kwa milungu 8. Gulu lachiŵiri linapatsidwa matabuleti omwewo koma opanda masamu aja, motero linangojambula ndi kuseŵera. Gulu lachitatu linaphunzira monga mwa masiku onse. Pamapeto pake ana a Sitandade 2 ndi 3 a m'gulu loyamba anaposa magulu ena aŵiriwo pa mayeso a masamu.

Gulu lachiŵiri lija ndilo limene mphunzitsi amaliganizira kwambiri. Ana ake anagwira galasi lomwelo, nasangalala chimodzimodzi, koma kugwira chipangizo sikunawaloŵetse masamu m'mutu. Chimene chinaphunzitsa ndi zimene zinaikidwa m'katimo, ndi kaikidwe kake. Phunziro linadulidwa tizigawo ting'onoting'ono, chimodzi chitsamira pa chinzake. Mawu anali a chilankhulo chimene mwana amamva kwa amayi ake. Akakhoza ankauzidwa pomwepo, akalakwa ankayesanso popanda womuseka, ndipo wofulumira sankadikira wochedwa. Kamakinako kanampatsa mwana aliyense mphindi 30 zakezake m'malo mwa masekondi 18 aja.

Dziko la Peru, ku South America, linatsata njira ina. Boma la kumeneko linagula makompyuta aang'ono ochuluka kwambiri pansi pa ndondomeko ya One Laptop per Child, nkugaŵira ana a m'midzi, aliyense yake. Akatswiri a Inter-American Development Bank anafufuza sukulu 319 ndipo anatulutsa zotsatira m'chaka cha 2012. Patapita miyezi 15 ana anali atadziŵa bwino kuyendetsa makompyutawo, ndipo panali phindu pang'ono pa luso la kuganiza, koma pa masamu ndi pa chilankhulo sanapose anzawo a m'sukulu zopanda makompyuta. Zimene zinali m'makompyutamo sizinalumikizidwe ndi phunziro la tsiku ndi tsiku. Munthu akapatsidwa khasu latsopano koma osamuonetsa munda, khasulo limangonyezimira papheŵa.

Potsata zimene zinapezeka ku Biwi ndi m'sukulu zina, Boma la Malaŵi linayamba m'chaka cha 2023 ndondomeko yotchedwa BEFIT, yopereka matabuleti a masamu ndi kuŵerenga kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Inayambira m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulaimale za Boma. Matabuletiwo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuŵa, ndipo ana amalandirana. Kuwasunga kuti asabedwe kapena kusweka ndi udindo wa mudzi wonse pamodzi ndi komiti ya sukulu.

Mnyamata wa ku Wimbe

Komabe pali chinthu chimene ngakhale tabuleti yabwino siingalenge yokha, ndipo mphunzitsi akafuna kuchifotokoza amatchula William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 mnyamatayu anasiya sekondale chifukwa makolo ake anasoŵa fizi. Analibe kompyuta, analibe magetsi, ndipo Chingerezi ankachidziŵa pang'ono. Chimene anali nacho chinali kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. M'menemo anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo pachikuto pake. Popeza mawu ambiri ankamuvuta, ankatsata zithunzi ndi mizere yolozera, nkumafunsa matanthauzo a mawu ovutawo.

Ali ndi zaka 14 anayamba kusonkhanitsa zida: fani yotayidwa ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene anawang'amba nkuwafeŵetsa pamoto kuti aongoke, njinga yakale ya bambo ake, ndi dainamo ya nyale ya njinga. Zonsezi anazimanga pamwamba pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu a m'mudzi ankati wachita misala, pakuti ankamuona tsiku ndi tsiku akufukula m'zitsulo zakutha. Mphepo itaomba, babu linayaka. Pambuyo pake makinawo anayatsa mababu 4 ndi mawailesi 2 pakhomo pa makolo ake, ndipo aja ankamuseka anayamba kubwera kudzatchaja mafoni. Intaneti anaigwira koyamba m'chaka cha 2007 ku Arusha m'dziko la Tanzania, makina ake atazungulira kale zaka zingapo. Anabwerera kusukulu, namaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America m'chaka cha 2014.

Nkhaniyi siphunzitsa kuti ana asiye sukulu, pakuti Kamkwamba mwiniwake anapitiriza kuilakalaka kufikira ataipezanso. Chimene mphunzitsi amatolamo ndi ichi: mnyamatayu anali ndi funso lakelake. Anaona mdima m'nyumba ndi chilala m'munda, nafuna magetsi ndi madzi, kotero kuti buku linampeza ali kale ndi ludzu la kudziŵa. Analinso ndi anthu pambali pake, ndiwo woyang'anira laibulale amene anamulola kubwereka mabuku, anzake amene anamthandiza kupeza zida, ndi bambo amene anapereka njinga. Mwana wopanda funso akanaona chithunzi chomwecho nkungotembenuza tsamba.

Chikoti, mphatso ndi chimwemwe

Nanga mtima wofuna kudziŵa umachokera kuti? Kale ambiri ankakhulupirira chikoti. Mantha amamkhazika mwana chete, ndipo amamloŵezetsa mawu kwa tsiku limodzi. Koma mwana woopa kulakwa safunsa, sakweza dzanja, ndipo akapeza mpata amathaŵa. Masiku ano ena atembenukira ku mphatso: ukakhoza ndikugulira chakuti. Mphatso ili bwino koposa chikoti, koma nayonso ili ndi msampha wake. M'chaka cha 1973 Mark Lepper ndi anzake ku America anatenga ana a sukulu ya mkaka okonda kujambula. Ena anawalonjeza chipepala chaulemu akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, atawasiya kuti achite zimene afuna, aja analonjezedwa mphotho anajambula pafupifupi theka la nthaŵi imene anzawo anajambula. Chinthu chimene ankachita pochikonda chinasanduka ganyu, ndipo ganyu munthu sagwira popanda malipiro.

Chenjezo limeneli likhudzanso makina. Matabuleti ndi mafoni amadziŵa kupereka tinyenyezi, kuomba m'manja ndi kuliza tinyimbo. Mwana akhoza kuthamangira tinyenyezito, nkumangokhudza paliponse mpaka atakhoza mwangozi. Apa mpamene mphunzitsi afunika koposa kale. Watcheru amayendayenda pakati pa ana, ndipo akaona wotere amamuimitsa nkumfunsa kuti afotokoze m'mene wapezera yankho. Chimwemwe chimene chimakhalitsa ndi chija mwana amamva pamene chinthu chimene dzulo chinamkanika lero chatheka: kuŵerenga yekha dzina la sitolo, kuŵerengera chenje pamsika osanyengedwa, kuŵerengera agogo ake zolembedwa pa kapepala ka mankhwala. Mwana akalaŵa chimenechi kamodzi amachifunanso, ndipo safunikira kukankhidwa.

Ulesi wina ndi matenda

Pali ana amene chida chilichonse chimawalephera, ndipo mphunzitsi waphunzira kuyang'ana thupi asanaweruze mtima. Mwana wosadya kanthu m'maŵa amayamba kusinza dzuŵa lisanakwere. Nchifukwa chake phala la kusukulu, monga lija bungwe la Mary's Meals linayamba kugaŵa m'Malaŵi m'chaka cha 2002, limakoka ana ndi kuwasunga m'kalasi. Malungo amajombetsa mwana masiku ambiri, ndipo akabwerera amapeza anzake apita patali. Likodzo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi, mwana nkumangokhala wofooka. Wina amatsinzinira maso poyang'ana bolodi, kapena amaika buku pafupi ndi mphuno. Wina amatuluka mafinya m'khutu ndipo samva bwino mawu a mphunzitsi ngakhale a tabuleti. Ana otere kaŵirikaŵiri amatchedwa mbuli, pamene chosoŵa chawo ndi kuonedwa kuchipatala. Kholo likaona zizindikiro zimenezi lipite naye mwanayo kukapimitsa, ndipo azaumoyo akamagaŵa mankhwala a likodzo ndi njoka kusukulu, mwana asabisidwe kunyumba.

Foni ya pakhomo

M'makomo ambiri muli kale chipangizo china, ndicho foni ya m'manja, ndipo makolo ena amaipereka kwa khanda kuti lisalire. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linalangiza m'chaka cha 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema wa pa foni kapena wa pa wailesi ya kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Mwana wamng'ono amaphunzira kulankhula mwa kuyankhana ndi munthu: iye akanena zake zosamveka, mayi amamuyankha, iye nkuyesanso. Kanema salabadira zimenezo. Nthano za madzulo, zilape ndi nyimbo zoŵerengera zimakonza makutu ndi lilime la mwana asanaone nkomwe chilembo. Kwa ana osinkhuka foni ikhoza kuthandiza, malinga wamkulu adziŵe chimene akuonera, ndipo isawalande tulo.

Kholo losadziŵa kulemba lisadziyese lopanda gawo. Akatswiri a maphunziro anatsimikiza kuti munthu amasunga bwino phunziro akamalikumbukira yekha ndi kulinena, koposa akamangolimva kapena kuliŵerenga kachiŵiri, ndiponso kuti kubwereza pang'onopang'ono masiku ambiri kumaposa kuunjika zonse tsiku limodzi. Tabuleti imatsala kusukulu, ndipo madzulo mwana amakhala ndi makolo ake. Mayi akutongola chimanga akhoza kufunsa kuti, "Tandiuza mwanawe, lero mwaphunzira chiyani?" Mwana akati masamu, amupatse njere 12 kuti azigaŵe mofanana kwa abale ake 3. Akati Chicheŵa, alembe ndi chala padothi chilembo chimene waphunzira, nkutchula zinthu za pakhomo zoyamba ndi chilembocho. Akalakwa asasekedwe, koma afunsidwenso maŵa lake. Ndipo kamodzi pa teremu kholo lipite kukaonana ndi aphunzitsi, litatenga kope la mwanayo, nkuwapempha kuti amumve akuŵerenga yekha.